Kompyuta Ikakana Kutsegula Nkhokwe ya Zilembo

Masiku ano kalata yoitanira anthu ku msonkhano, kapena ndandanda wa maina a alimi a m'kalabu, mumatuma mlembi kuti akailembetse pa kompyuta kumsika. Tsiku lina mlembiyo abwerako chimanjamanja, nati pulogalamu ya zilembo yakana kutseguka. Madzulo ano tifuna kulongosola vuto limeneli, kuti musataye ndalama pachabe.

Kale osindikiza mabuku ankasunga zilembo zachitsulo m'timabokosi, mtundu uliwonse pawokha. Mu kompyuta mtundu umodzi wa zilembo amautcha fonti, monga Arial kapena Times New Roman, ndipo iliyonse ndi fayilo. Tsono pali pulogalamu yosunga ndi kuyang'anira mafonti amenewa. Pa makompyuta a Apple dzina lake ndi Font Book, ndipo inayamba mu 2003.

Pulogalamu yotere potseguka imayamba yawerenga mafonti ake, monga mbusa awerenga ng'ombe pachipata cha khola. Ng'ombe imodzi ikagona pachipata, zinzake sizituluka. Chimodzimodzi fonti imodzi yowonongeka ikhoza kuimitsa pulogalamu yonse. Kawirikawiri imakhala ija mnyamata anakatenga pa intaneti kuti akometsere makadi a ukwati.

Choyamba azimitse kompyuta ndi kuiyatsanso. Musaseke ayi, pakuti nthawi zina pulogalamu imakhala isanatsekeke bwino, ndipo kuzimitsako kumaimasula. Zikapanda kutheka, mufunseni kuti, "Kodi ndi chiyani chimene munaikamo posachedwa?" Achotse mafonti atsopanowo, awasunge pambali, nayesenso. Ikatseguka, awabwezere imodzi imodzi kufikira wolakwa aoneke. Koma asakhudze mafonti amene anabwera ndi kompyuta, chifukwa makinawo amawagwiritsa ntchito.

Palinso kaundula amene kompyuta imalembamo mafonti ake kuti iziwapeza msanga. Magetsi akathima mwadzidzidzi kaundulayu akhoza kusokonezeka. Pa Windows amausunga ndi Windows Font Cache Service. Munthu wodziwa aimitse imeneyi, afafanize kaundula wakaleyo, nayatsenso kompyuta. Iyo idzalemba wina watsopano yokha, ndipo fonti siitayika ngakhale imodzi. Zonsezi zikalephera, ndipo pamene achotse pulogalamuyo ndi kuiikamonso.

Pano mafumu mumvetsetse. Alipo anyamata ena othamangira kufafaniza zonse za m'kompyuta ndi kuyambanso. Kutero n'kutentha nkhokwe chifukwa cha khoswe mmodzi. Maina a anthu anu, amene mlembi anavutika nawo sabata yathunthu, amapita pomwepo. Musalole, kufikira atakukoperani mafayilo anu pa fulashi, inu mukuona.

Ngati msonkhano uli mawa, musadikire. Kalata ikhoza kulembedwa mu Microsoft Word ndi mafonti amene alimo kale, ngakhale pulogalamu yosunga zilemboyo ili chikanire. Koma muyang'ane pepala musanalipire. Olemba dzina la dziko lathu kuti Malaŵi aonetsetse chilembo cha ŵ, pakuti mafonti ambiri okometsera alibe, ndipo m'malo mwake pamatuluka kabokosi kapena chilembo chosiyana ndi zinzake. Arial ndi Times New Roman ali nacho. Mu Word ya pa Windows mlembi alembe 0175, kenaka adinde Alt pamodzi ndi X, ndipo chilembocho chidzaoneka.

Tsalani bwino nonse.