Kompyuta ya ku Liwaladzi nayo inafunika dzina lapadoko

Uthenga wa achimwene unafika pa WhatsApp usiku, nyali za asodzi zili ngwee panyanja: "Iwe, tsamba lija silikutsegukanso. Mukubisa chiyani kumeneko?"

Achimwenewo ali ku Johannesburg. Ndi iwo anatumiza ndalama yogulira injini ya boti lomwe malume amaphera usipa kuno ku Liwaladzi, m'boma la Nkhotakota. Tinagwirizana kuti pa ndalama iliyonse ya nsomba, tikachotsa ya mafuta ndi ya alovi, gawo lawo lizisungidwa. Ine ntchito yanga ndi yolemba ndowa zomwe zagulitsidwa, mtengo wake, ndi amene watenga pangongole.

Poyamba ndinkalemba m'kope, mpaka tsiku lomwe linanyowa ndi mvula, masamba a miyezi 2 n'kufufutika. Apa ndinatenga laputopu yakale, n'kuilumikiza ku batire ya sola, n'kuisandutsa seva, kutanthauza kompyuta yomwe imasunga zinthu n'kumazionetsa kwa ena kudzera pa intaneti. Cholinga chinali chakuti achimwene aziona okha maakaunti pafoni yawo, osadikira kuti ndiwajambulire.

Vuto linali momwe angaipezere. Chipangizo chilichonse pa intaneti chimadziwika ndi nambala yotchedwa IP address. Popeza anthu sitisunga manambala m'mutu, pali DNS, dongosolo lomwe Paul Mockapetris anakonza mu 1983. Limagwira ntchito ngati mndandanda wa mayina m'foni mwanu: mumadina "Malume", foni n'kupeza yokha nambala. Mukalemba dzina la tsamba, DNS imauza foni yanu nambala ya kompyuta yomwe pali tsambalo.

Koma ife apa intaneti ya rauta ya simukhadi tili ndi mavuto awiri. Nambala ija imasinthasintha, komanso nthawi zambiri makasitomala ambirimbiri amagawana nambala imodzi, njira yomwe akatswiri amaitcha CGNAT. Zili ngati mabanja 100 okhala mumpanda wa geti limodzi: inu mutha kutuluka, koma mlendo akagogoda pageti sadziwika kuti wabwerera ndani. N'chifukwa chake njira ya dynamic DNS, yomwe imatsatira nambala ikasintha, kwa ine sinathandize.

Ndinapeza pulogalamu yaulere yomwe imatsegula njira kuchokera pa laputopu kupita kunja, n'kukupatsa dzina lalitali la zilembo zosokonekera. Zinatheka, ndipo ndinavina ndekha m'nyumba. Chomwe sindinachiganizire n'chakuti dzinalo linkasintha laputopu ikazima n'kuyakanso. Kukachita mitambo masiku awiri, batire imatha, basi linki yomwe ndinatumiza dzulo yafa. Mlungu umenewo ndinaiwala kutumiza yatsopano, ndipo unali mlungu womwe usipa unafa kwambiri. Achimwene anamva kwa anzawo kuti pa doko pali ndalama, tsamba osatseguka. Inuyo mukanaganiza chiyani?

Malume zinawawawa. "Mwana wa mlongo wanga akundiyesa wakuba chifukwa cha kakompyuta kakoka?" Anakhala masiku osayankha foni ya ku Joni.

Yankho ndinalipeza pa chinthu chomwe kuno tonse timachidziwa. Pa doko palibe amene amaitanidwa ndi dzina la pachitupa. Aliyense ali ndi dzina lapadoko, ndipo ukalitchula ngakhale mwana amakulozera munthuyo. DNS nayo ili ndi zimenezi. Mzere wotchedwa A record umalumikiza dzina ndi nambala. Pomwe CNAME record imalumikiza dzina ndi dzina linzake, ngati kunena kuti "ukafuna uyu, funsa za uje, ndi munthu mmodzi yemweyo".

Choyamba tinagula domain, dzina lathulathu pa intaneti. Amalipira chaka ndi chaka, ndipo achimwene analipira ndi khadi lawo la kubanki. Ife tinatenga lothera ndi .com, ngakhale Malawi ili ndi lake la .mw. Kenaka ndinagwiritsa ntchito Cloudflare Tunnel, yomwe imapereka dzina lalitali koma losasintha. Ndinaika mzere umodzi wa CNAME: dzina lalifupi loyamba ndi "boti" kutsogolo kwa domain yathu, lolozera ku dzina lalitali lija. Achimwene amangodziwa lalifupilo basi. Laputopu izime, iyake, dzina ndi lomwelo. Mawa ikafa n'kugula ina, kapena ndikasamutsa zonse kupita kwina, ndidzasintha mzere umodzi wokha, iwo osadziwa n'komwe.

Kwa amene mukufuna kuyesa, pali zingapo zomwe zinandipunthwitsa. CNAME imalozera ku dzina, osati ku nambala. Mukaikapo IP address ikana. Mwa malamulo a DNS, siikhala pa domain yeniyeniyo yopanda kanthu kutsogolo, ndiye ikani mawu ngati "boti" kapena "nyumba". Palinso TTL, nthawi yomwe mafoni ndi makompyuta ena amasunga yankho lakale asanafunsenso. Ikakhala masekondi 300, zosintha zanu zimaoneka pakatha mphindi 5; ikakhala 86400, mutha kudikira tsiku lathunthu mukuganiza kuti mwalakwitsa. Ndipo lembani penapake tsiku lolipiranso domain, chifukwa ikatha wina akhoza kuigula.

Chachikulu, dzina si loko. Aliyense amene walidziwa atha kufika pakhomo panu. Patsamba lathu pali mayina a amayi otenga usipa pangongole, zomwe si zoti dziko lonse liziona, choncho ndinaika pasiwedi, ndipo tikuidziwa anthu atatu.

Sindikunena kuti CNAME imachiritsa kukayikirana. Achimwene anachita kuimba okha n'kupepesa kwa malume, ndipo izo palibe kompyuta ikanawachitira. Koma kuyambira pamenepo funso lakuti "mukubisa chiyani" silinabwerenso. Nthawi ya mwera, boti litakhala kumtunda masiku 4 osalowa m'madzi, ndinalemba ziro tsiku lililonse. Madzulo a tsiku lachinayi uthenga unafika: "Ndaona. Auzeni malume asakakamize, nyanja ikhale kaye bata."