Maluwa a m'mapiri a Blantyre

Munthu akaima pakati pa mzinda wa Blantyre, kulikonse kumene angapenye amaona phiri. Uku kuli Michiru, uku Ndirande, kumwera kuli Soche, ndipo cha ku Limbe kuli Mpingwe ndi Bangwe. Pamene amishoni a ku Scotland ankafika kuno mu 1876, pamwamba pa Soche ndi Ndirande panali nkhalango zowirira, za mitengo yosayoyola masamba chaka chonse.

M'nyengo yozizira mphepo ya chiperoni imabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza kuchokera ku Mozambique. Nkhunguyo imakuta nsonga za mapiri, nthambi n'kumangodontha madzi. Pa nthambi zonyowazo ndi pamene pamamera maluwa otchedwa orchid. M'Malawi muli mitundu yake yoposa 400. Ina imamera pansi, ina m'mitengo.

Ya m'mitengoyi ndi yodabwitsa. Mizu yake siifika m'nthaka, komanso siiyamwa mtengo umene yakhalapo. Imangokakamira khungwa, n'kumamwa mame ndi nkhungu. Mtundu wa Aerangis uli ndi maluwa oyera mbee, amene amanunkhira dzuwa likalowa, ndipo agulugufe a usiku a milomo yaitali amadzamwa timadzi take. Wa Ansellia uli ndi mawangamawanga ngati nyalugwe. Mbewu za maluwa onsewa n'zazing'ono ngati fumbi, ndipo sizimera pokhapokha zitakumana ndi tibowa tina tosaoneka ndi maso. Zikamera, pamapita zaka duwa lisanatuluke. Brian Morris analemba buku la maluwa a m'mitengowa, limene bungwe la Society of Malawi linasindikiza mu 1970.

Lero mapiriwa ndi ena. Mzinda utakula, anthu anafuna nkhuni, makala, milimo ya nyumba ndi malo olima. Ndirande anatsala mbulanda, ndipo nyumba zakwera m'mbali mwa Soche mpaka pafupi ndi matanthwe. Michiru, amene anayamba kusamalidwa mwapadera mu 1975, nayenso nkhwangwa sinamusiye.

Wodula mtengo amaona nkhuni zokha, osadziwa kuti wagwetsa mudzi wonse wa maluwa. Mbande ya bulugamu tikhoza kubzala lero n'kudula tisanakalambe, koma duwa ili limafuna mtengo wachilengedwe wokhwima, mthunzi ndi nkhungu. Choncho mitengo yakale imene yatsala m'zigwa ndi m'mphepete mwa mitsinje tiisunge, chifukwa ndi pa nthambi zake pokha pamene duwali lingabwererenso.