Za Mau Akuti "Deciduous" ndi Mizu Yace

Ife aphunzitsi, pophunzitsa za mitengo, tikomana ndi mau a Cingerezi akuti "deciduous," ndiwo onena za mtengo umene masamba ace ayoyoka pa nyengo yace. Ana ambiri angowaloweza pamtima osadziwa kumene acokera. Tiyeni tikumbe mizu yace.

Mauwa acokera ku Cilatini, cinenero ca Aroma. "De" ndiko kutsika pansi, "cadere" ndiko kugwa. Pophatikana awiriwa "a" asanduka "i," nakhala "decidere," kugwa pansi. Angerezi anayamba kulemba "deciduous" m'zaka za m'ma 1600. Mano oyamba a mwana awachanso motero, popeza aguluka okha pofika nthawi yace.

Koma muzu umenewu ngwakale koposa Aroma. M'caka ca 1786 William Jones analongosola ku Calcutta kuti Cilatini, Cihelene ndi Cisanskrit ca ku India zinabadwa kwa kholo limodzi. Anzeru otsata m'mbuyo mwace anafanizira mau a zinenerozi, napeza muzu wakuti "kad," ndiko kugwa. Ici sicacilendo kwa ife. Ayao ati kugwa monga ife tomwe, Atumbuka ati kuwa, Azulu ati ukuwa: nthambi zambiri, tsinde limodzi.

Tsono pali msampha pano. Aroma anali nao mau ena, "caedere," kudula. Nawonso pophatikana ndi "de" alembedwa "decidere," koma "i" wace atalika pomchula. M'menemo munacokera "decide," kugamula mlandu. Ticenjere tingasokoneze awiriwa, pakuti kugwa kwa tsamba si kudula kwa nkhwangwa ai.

Cifukwa cace m'mwezi wa August tituruke nao ana ku mapiri a Dowa, akaone mombo ndi mtondo zitayoyoka masamba. Tiwauze kuti madzi a mtengo aturukira m'masamba monga thukuta, ndipo mtengo uwataya m'cilimwe kuti usunge madzi ace. Pamwamba pa phiri la Ntchisi, pamene nkhungu inyowetsa nthaka, nkhalango ikhala yobiriwira caka conse. Tibwerere nao m'mwezi wa September kapena October, akaone mitengo yomweyo itaphuka masamba ofiira mvula isanagwe.

Mwana woyesa kuti mtengo wopanda masamba wauma adzaupitira ndi nkhwangwa. Koma wodziwa kuti masamba anagwa okha, ndi kuti ena adzaphuka, adzauleka uime.