Nkhokwe ya Mafayilo mu Ofesi ya Pakhomo

M'chaka changa chachiwiri pa sukulu ino ndidapita kumudzi kukajambula mawu a agogo atatu akusimba nthano ndi kumasulira miyambi. Ndidabwerako ndi mawu a maola 14, ndipo ndidawasunga pa laputopu ndi pa fulashi imodzi. Fulashi ija idatayika m'minibasi. Patangopita miyezi iwiri disiki ya laputopu nayo idafa, ndipo mmisiri adapulumutsako maola asanu okha. Pa nthawiyo n'kuti mmodzi mwa agogowo atatisiya kale. Madzi akatayika saoleka.

Kunyumba, ine ndi achemwali anga timagwira ntchito yotayipa ndi kumasulira zikalata m'kachipinda komwe timakatcha ofesi. Zitachitika izi tidagwirizana zopeza malo amodzi odalirika osungirapo ntchito yathu. Mu nkhani ino ndifotokoza momwe munthu angasankhire ndi kukhazikitsira chipangizo chotere, komanso chinthu chimodzi chomwe chipangizocho sichingamuchitire.

NAS ndi chiyani?

Chipangizochi pa Chingerezi amachitcha Network Attached Storage, kapena NAS mwachidule. Ndi kabokosi kokhala ndi kompyuta yaing'ono ndi madisiki m'kati mwake. Sikalumikizidwa ku kompyuta imodzi monga fulashi, koma ku rauta ya m'nyumba, kotero kuti makompyuta ndi mafoni onse a pa netiweki ya pakhomopo amatha kuikamo ndi kutengamo mafayilo. Ine ndimakafanizira ndi nkhokwe ya pabwalo. M'malo moti aliyense azibisa chimanga chake kunsi kwa bedi, banja lonse limatapa pamalo amodzi. Makompyuta a Windows, Mac ndi Linux onse amalankhula ndi kabokosika kudzera mu ndondomeko yotchedwa SMB, ndipo mafayilo amaoneka ngati ali mu foda wamba. Izi zimachitika ngakhale intaneti itadula, chifukwa zonse zimayenda m'nyumba momwemo.

Kusankha

Choyamba ndi kuwerengera kukula kwa zomwe mukufuna kusunga. Zolembalemba sizidya malo ambiri, koma mawu ndi kanema ndiwo adyera. Ola limodzi la mawu ojambulidwa mu mtundu wa WAV, pa mlingo wa 48 kHz ndi mabiti 24 m'makutu onse awiri, limadya pafupifupi gigabayiti imodzi. Ife tidaphatikiza zonse zomwe tidali nazo, n'kuganizira zomwe tingaonjezere pa zaka zisanu, ndipo tidaona kuti 4 TB ikutikwanira. Dziwani kuti disiki yolembedwa 4 TB imaoneka ngati 3.6 TB pa kompyuta. Simudaberedwe ayi, koma opanga madisiki ndi makompyuta amawerenga mosiyana.

Chachiwiri ndi kabokosi kenikeniko. Makampani odziwika pa zipangizozi ndi monga Synology ndi QNAP, onse a ku Taiwan. Timabokosi tawo timabwera ndi pulogalamu yosavuta kuyendetsa, koma kawirikawiri madisiki mumagula padera. Yemwe thumba lake ndi lopepuka atha kutenga kompyuta yakale n'kuikamo pulogalamu yaulere monga TrueNAS kapena OpenMediaVault. Njira imeneyi ndi yotsika mtengo koma imafuna kudekha, ndiponso kompyuta yakale imadya magetsi ambiri kuposa kabokosi kopangidwira ntchitoyi. Pa ofesi ya anthu awiri kapena atatu, kabokosi kolowa madisiki awiri n'kokwanira.

Chachitatu ndi madisiki. Popeza NAS imakhala yoyaka usana ndi usiku, pamafunika madisiki opangidwira zimenezo, monga Seagate IronWolf kapena WD Red Plus. Pogula funsani ngati disikiyo ndi ya mtundu wa CMR kapena SMR. Ya SMR imalemba mizere yake mosanjikiza ngati matailosi a padenga, choncho imachedwa kwambiri ikamalembedwa zinthu zambiri nthawi imodzi. Mu 2020 kudabuka mkangano zitadziwika kuti madisiki ena a WD Red adali a SMR pomwe ogula sadauzidwe. Mu NAS sankhani CMR. Safunsa adadya phula.

Madisiki awiri, chithunzi chimodzi

Mukayatsa NAS koyamba imakufunsani momwe madisiki agwirire ntchito limodzi. Njira zake zimatchedwa RAID, dzina lomwe lidatchuka ndi pepala la David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a ku yunivesite ya California ku Berkeley mu 1988. Pa RAID 1, chilichonse cholembedwa pa disiki yoyamba chimalembedwanso pa yachiwiri. Madisiki awiri a 4 TB amakupatsani malo a 4 TB okha, koma imodzi ikafa inayo imapitiriza ntchito mpaka mutagula ina. Pa RAID 0 mumapeza 8 TB yonse, koma fayilo iliyonse imagawidwa pa madisiki onse awiri, moti imodzi ikangofa zonse zapita. Chimenechi ndi chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. RAID 5 imafuna madisiki osachepera atatu. Ife tidasankha RAID 1.

Kukhazikitsa

Kabokosi kaikidwe pamalo odutsa mphepo, pa tebulo losagwedera, kutali ndi fumbi ndi dzuwa. Kalumikizeni ku rauta ndi waya, osati Wi-Fi. Waya wa Gigabit Ethernet umanyamula pafupifupi mamegabayiti 110 pa sekondi, kutanthauza kuti ola lija la mawu limasamuka m'masekondi 10 okha. Kenako lowani mu rauta ndi kupatsa NAS adiresi ya IP yosasinthasintha kuti makompyuta aziipeza pamalo amodzimodzi tsiku lililonse.

Munthu aliyense akhale ndi akaunti yake ndi mawu achinsinsi ake, ndipo akaunti ya admin yobwera ndi chipangizo muitseke mukapanga yanuyanu. Ife tili ndi mafoda atatu: ya makasitomala, ya kafukufuku wanga, ndi ya zithunzi za banja. Ya kafukufuku ndimalowamo ndekha, chifukwa anthu omwe ndidawajambula adavomera kuti ndigwiritse ntchito mawu awo pa maphunziro, osati kuti aliyense azimvera. Maina a mafayilo ndimayamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kenako mutu wake, kuti azindandalikana okha motsata nthawi. Onetsetsaninso kuti SMB1, mtundu wakale wa ndondomeko ija, ndi wozimitsidwa, pakuti ndi pomwe padalowera WannaCry, pulogalamu yoipa yomwe idasautsa dziko lonse mu 2017.

Kwathu kuno magetsi amatha kuzima osatsanzika. Akazima disiki ili m'kati molemba, fayilo itha kuonongeka. N'chifukwa chake UPS, batire yogwirizira magetsi akazima, ndi yofunika pa bajeti kuyambira pachiyambi. Sankhani yokhala ndi waya wa USB wopita ku NAS, kuti magetsi akazima iuze kabokosiko kadzizimitse bwinobwino batire isanathe.

Chomwe NAS singachite

Apa ndi pomwe ambiri timapusitsika. Poona madisiki awiri timaganiza kuti ntchito yathu ili pawiri. Koma mukafufuta fayilo mwangozi, imafufutika pa madisiki onse awiri nthawi yomweyo. Mbala ikalowa imanyamula kabokosi konse. Mphenzi, moto ndi madzi osefukira sizisankha disiki. RAID imateteza ku imfa ya disiki basi. Nkhokwe ingakhale yomangidwa bwino chotani, ikapsa imapsa ndi chimanga chonse, ndipo n'chifukwa chake makolo ankasungako mbewu pamalo ena.

Lamulo lothandiza ndi la 3-2-1, lomwe adalitchukitsa ndi wojambula zithunzi Peter Krogh: khalani ndi makope atatu a ntchito yanu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi nyumba. Ife kope loyamba lili pa laputopu, lachiwiri pa NAS, lachitatu pa disiki ya USB yomwe timaidzaza Loweruka lililonse n'kukaisiya kwa amalume. Zikalata zing'onozing'ono timazitumizanso pa intaneti, koma mawu ndi kanema zingatimalizire bandulo.

Yatsaninso ma snapshot ngati chipangizo chanu chili nawo. Amenewa amasunga momwe mafoda adalili dzulo kapena sabata yatha, kotero kuti chofufutidwa mwangozi chimabwezeka. Musatsegule NAS yanu ku intaneti popanda chifukwa. Mu 2021 pulogalamu yoipa ya Qlocker, ndipo mu 2022 ya DeadBolt, zidatseka mafayilo pa zipangizo zambiri za QNAP zomwe zidali zoonekera pa intaneti, eni ake n'kumauzidwa kuti alipire dipo. Pulogalamu ya chipangizo muziikonzanso nthawi zonse opanga akatulutsa yatsopano.

Pomaliza, yesani kubweza fayilo kuchokera pa kope lanu lakutali kamodzi pamwezi. Kope lomwe simudaliyesepo simungalidalire. Ine ndimatero tsiku loyamba la mwezi: ndimatenga disiki kwa amalume, n'kutsegula nthano imodzi mwa zomwe zidapulumuka zija, n'kumvera mpaka kumapeto. Mawu a agogo aja akamveka bwino, ndimabweza disikiyo pamalo pake.