Chifukwa chake galimoto zamagetsi zimafooka m'nyengo yachisanu

Galimoto yoyendera magetsi imene opanga amati imayenda makilomita 400 batire yake ikadzaza ikhoza kuima isanakwanitse n'komwe makilomita 300 ngati kunja kwazizira kwambiri. Nkhaniyi ndi yodziwika bwino m'maiko a kumpoto kwa Ulaya ndi ku America, ndipo njofunika kuti akuluakulu oona zogula ndi kusamala galimoto za m'maofesi aimvetse, popeza mtunda wolembedwa pa chikalata cha wogulitsa umayesedwa pamalo ofunda bwino.

Dziko la Norway ndilo lili ndi umboni wochuluka pankhaniyi. M'chaka cha 2024, galimoto pafupifupi 89 mwa galimoto 100 zilizonse zatsopano zimene zidagulidwa m'dzikolo zidali zoyendera magetsi okhaokha, chikhalirecho dzikolo limakutidwa ndi chipale chofewa kwa miyezi ingapo chaka chilichonse.

Mu 2020, bungwe la eni galimoto la NAF la m'dzikolo lidatenga galimoto zamagetsi 20 n'kuziyendetsa m'nyengo yozizira kuchokera mumzinda wa Oslo kulowera kumpoto mpaka iliyonse itaima yokha. Zotsatira zidaonetsa kuti pongoyerekeza zonse pamodzi, galimotozo zidaperewera ndi 18.5 peresenti pa mtunda umene opanga adalemba. Koma sizidaperewere mofanana: galimoto ya Hyundai Kona idataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, pamene ya Opel Ampera-e idataya pafupifupi magawo atatu.

Bungwe la AAA la ku America lidachita kafukufuku wake mu 2019. Lidapeza kuti kuzizira kukafika madigiri -7, mtunda umatsika ndi 12 peresenti ngati hita ili yozimitsa, koma umatsika ndi 41 peresenti hita ikayatsidwa.

Ziwerengero ziwirizi zikuulula pamene pagona vuto lalikulu. Anthu ambiri amaloza chala batire, koma mphamvu yochuluka imathera pa kutenthetsa anthu amene ali m'galimoto. Injini ya petulo kapena dizilo imataya mphamvu yoposa theka la mafuta ake ngati kutentha, ndipo dalaivala akafuna kufunda amangopatutsira kutenthako m'kati, osawonjezera mafuta. Mota yamagetsi simatentha motero. Mpweya uliwonse wofunda umene dalaivala akupuma umachokera m'batire yomweyo imene ikuzunguza matayala. Pa maulendo afupiafupi vutoli limakula, chifukwa galimoto ikaima imazizira, ndiye pouyambanso ulendo iyenera kutenthetsedwa mwatsopano.

Batire nayo ili ndi mbali yake. M'kati mwa batire ya lithium-ion muli madzi apadera amene tizidutswa ta lithium timadutsamo kuchoka mbali ina kupita ina. Kukazizira madziwo amalimbirako, monga amachitira mafuta ophikira m'mawa wa mu Juni, ndipo tizidutswato timayenda mwaulesi. Magetsi amakhala alimo, koma batire imalephera kuwatulutsa onse. Mabatire a mtundu wa LFP, amene ndi otsikirapo mtengo ndipo ndi ofala m'galimoto za ku China, ndiwo amavutika kwambiri ndi chisanu.

Kutchaja ndiko kumafuna kusamala koposa. Batire yozizira pansi pa madigiri 0 ikathiridwa magetsi mwamphamvu, lithium imaundana ngati chitsulo pamwamba pa mbali imene imayenera kulowamo, ndipo kuwonongeka kotereku sikubwezeka. N'chifukwa chake kompyuta ya galimoto imachepetsa dala liwiro la kutchaja mpaka batire itafunda. Pa chifukwa chomwecho, magetsi amene galimoto imabwezera m'batire pamene dalaivala akuponda buleki amachepa.

Zimenezi zidaonekera poyera mumzinda wa Chicago mu Januwale 2024, pamene kuzizira kudatsika kupyola madigiri -20. Eni galimoto za Tesla adafola kwa maola ambiri pamalo otchajira, ndipo galimoto zina zidatheratu magetsi zili pamzere mpaka zidachita kukokedwa. Ambiri adafika ndi batire yozizira komanso yotsala pang'ono kutha, choncho galimoto iliyonse idakhalitsa pa makina kuposa nthawi zonse.

Mpweya wozizira ndi wolemerapo, matayala amaphwa pang'ono, ndipo msewu wa chipale umakoka galimoto. Izi zimakhudza galimoto za mafuta chimodzimodzi, kungoti mwini galimoto ya petulo sazindikira msanga popeza kuthira mafuta kumatenga mphindi zochepa.

Njira zochepetsera vutoli n'zodziwika kale. Madalaivala a ku Norway amatenthetsa galimoto ikadali yolumikizidwa ku magetsi a panyumba, kuti batire inyamuke yodzaza komanso yofunda. Ambiri amadalira mipando ndi chiwongolero chotenthetsedwa, zimene zimadya magetsi ochepa kusiyana ndi kufunditsa mpweya wonse wa m'galimoto. Galimoto zambiri zatsopano zili ndi makina otchedwa heat pump, amene amagwira ntchito ngati firiji yotembenuzidwa: amakoka kutentha kuchokera panja ndi m'mota n'kukulowetsa m'kati, ngakhale phindu lake limachepa chisanu chikanyanya. Mtunda umene watayika chifukwa cha kuzizira umabwerera nyengo ikafunda.

Kuno kwathu chisanu cha ku Dedza, ku Mzuzu ngakhale cha pa Nyika sichifika pa muyezo wa ku Oslo, ndipo chimene ofesi yogula galimoto iyenera kuopa kwambiri ndi kutentha. Kafukufuku wa AAA uja adapezanso kuti pa madigiri 35, makina oziziritsa m'kati akayatsidwa, mtunda umatsika ndi 17 peresenti, ndipo kutentha kotero n'kwamasiku onse ku Chikwawa ndi ku Nsanje mu Okutobala. Kutentha kumakalambitsa batire mosabwerera m'mbuyo, makamaka m'galimoto zimene batire yake siziziritsidwa ndi madzi, monga Nissan Leaf zakale zimene zimagulidwa zogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan. Musanasaine chikalata chogulira galimoto yotere, funsani lipoti losonyeza mphamvu imene yatsala m'batire yake.