Khansa ya chiwindi imatumiza amithenga m'magazi

Chiwindi sichidandaula msanga. Munthu wa ku Bua akhoza kuoka mpunga nyengo yonse, kapena kupalasa bwato kukasaka mpasa, chotupa chikukula pansi pa nthiti za kumanja iye osadziwa. Pofika pa chipatala chachikulu cha Nkhotakota maso achita chikasu, mimba yadzaza madzi. Ngakhale amutumize ku Kamuzu Central ku Lilongwe, nthawi zambiri chotsala n'kungochepetsa ululu.

N'chifukwa chake ofufuza akusakasaka chizindikiro chooneka m'magazi matenda asanazike mizu. Maselo a m'thupi amatulutsa timatumba ting'onoting'ono totchedwa ma exosome, tosaoneka ngakhale pa maikulosikopu wamba, ndipo timayenda m'magazi titanyamula katundu wochokera m'selo lomwe latitulutsa. M'katunduyo muli RNA yaitali yomwe sipanga puloteni, koma imalamula majini kuti awa agwire ntchito, awa akhale chete. Maselo a khansa amatuma timatumbati. RNA yotchedwa H19 ikafika pa maselo a mitsempha ya magazi imawachititsa kuphukira timitsempha tatsopano todyetsa chotupacho. Ina, linc-ROR, imathandiza maselo a khansa kupirira mankhwala. HULC, yomwe inadziwika mu 2007, imachuluka m'chiwindi chogwidwa khansa, ndipo imapezekanso m'magazi a odwala.

Zonsezi zikadali m'malabotale, sizinafike poyezera odwala tsiku ndi tsiku. Chondiwawa ine n'choti zoyambitsa matendawa tikuzidziwa kale. Kachilombo ka hepatitis B kamadya chiwindi kwa zaka zambiri mwakachetechete. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi muno mu 2002, choncho ambiri obadwa chisanafike chakacho sanabayidwe. Kuyeza kwake n'kwa dontho la magazi chabe, ndipo tenofovir, yemwe ali m'ma ARV, amakafooketsa.

Kachasu nayenso amawononga chiwindi. Koma chomwe ambiri timachipeputsa ndi chuku. Mtedza kapena chimanga chikasungidwa chisanaume, makamaka m'chinyontho cha kunyanja kuno, chukucho chimatulutsa poizoni wa aflatoxin yemwe saphwanyika pophika, ndipo akakumana ndi hepatitis B m'chiwindi chimodzi, chiopsezo cha khansa chimakula kwambiri. Komabe timawaza madzi pamtedza kuti usendeke mosavuta, wabwino n'kupita nawo kumsika. Wofota ndi wakudawo ndiwo timasinja n'kutendera nawo chigwada cha ana.