Mitembo ya mafumu yomwe siinkaloledwa kuola

Kuchokera kwa Kambombo m'boma la Chama, munthu akaoloka mtsinje wa Luangwa n'kukwera mapiri a Muchinga amafika m'dera la Chinsali. Kumeneko kuli msitu wa Mwalule, manda a mafumu akuluakulu a Ababemba. Asenga a kwa Kambombo, omwe mafumu awo mbiri imati adachokera kwa Abisa, akhala moyandikana ndi Ababemba kwa zaka zambiri, ndipo mwambo wa maliro a Chitimukulu, mfumu yaikulu ya Ababemba, ndi umodzi mwa miyambo yodziwika kwambiri m'chigawo chimenechi.

Chitimukulu akamwalira samuika mawa kapena mkuja. Audrey Richards, katswiri wa za miyambo yemwe adakhala pakati pa Ababemba m'zaka za m'ma 1930, adalemba kuti mtembo wa mfumu unkaumitsidwa ndi kusungidwa pafupifupi chaka chathunthu, kenako n'kukulungidwa m'chikopa cha ng'ombe. Pomaliza ankaunyamula kupita nawo kwa Shimwalule, mlonda wa mandawo. Chifukwa chake chinali chakuti mvula, zokolola ndi mtendere wa dziko zinkadalira mizimu ya mafumu, choncho thupi la mfumu silinali loti n'kulitaya mwachisawawa.

Maganizo ofanana ndi amenewa ndiwo adapangitsa anthu a ku Egypt kukhala akatswiri oumitsa mitembo. Poyamba ankakwirira akufa m'maenje osaya m'chipululu, ndipo mchenga wotentha unkaumitsa thupi wokha. Atayamba kuika olemera m'mabokosi ndi m'manda omangidwa ndi njerwa, mitembo idayamba kuola, moti adafunika kupeza njira ina.

Cha m'ma 3100 BC, mfumu Narmer idagwirizanitsa chigawo cha kumtunda ndi cha kumunsi kwa mtsinje wa Nile kukhala ufumu umodzi. Mafumu a mzere woyamba ankaikidwa ku Abydos, ndipo sankapita okha. Manda a mfumu Djer azunguliridwa ndi timanda toposa 300 ta antchito ndi akazi a kubwalo, ndipo akatswiri ambiri amati anthuwo adaphedwa kuti akatumikire mbuye wawo. Nakonso ku Mwalule, kale anthu ankaphedwa poperekeza Chitimukulu. Ku Egypt mchitidwewu udatha pamene mzere woyambawo unkatha. Cha m'ma 2650 BC, mfumu Djoser ya mzere wachitatu idamangitsa piramidi yoyamba ku Saqqara, ndipo wotsogolera ntchitoyo anali Imhotep.

Luso loumitsa litakhwima, ntchito yonse inkatenga masiku 70. Ankang'amba mimba kumanzere n'kuchotsa chiwindi, mapapo, chifu ndi matumbo, zomwe ankazisunga m'mitsuko inayi. Ubongo ankautulutsira m'mphuno n'kuutaya. Kenako ankafotsera thupi mu natron, mchere wa m'nyanja zouma wofanana ndi soda amene amayi amathira mu therere, kwa masiku pafupifupi 40. Likauma ankalipaka mafuta ndi utomoni, n'kulikulunga ndi nsalu zambirimbiri za bafuta. Owerenga Baibulo amakumana ndi masiku omwewa pa Genesis 50, pamene Yosefe adalamula asing'anga kuti akonze mtembo wa bambo wake Yakobo.

Koma mtima ankausiya m'thupi. Ankakhulupirira kuti nzeru ndi khalidwe la munthu zimakhala mumtima, ndipo kuti pabwalo la Osiris, mulungu wa akufa, mulungu wina wotchedwa Anubis adzauyeza pasikelo ndi nthenga ya Maat, mwini choonadi. Mzimu, umene ankaugawa kuti ka ndi ba, unkafunika thupi loti uzibwererako ndi kulandira nsembe za mkate ndi mowa.

Mtembo wina wotchuka womwe udaumitsidwa m'dziko la Zambia ndi wa David Livingstone. Atamwalira kwa Chitambo mu May 1873, anzake a paulendo, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, adachotsa mtima ndi zam'kati n'kuzikwirira patsinde pa mtengo wa mpundu. Thupi adalithira mchere, kuliyanika padzuwa milungu iwiri, kenako kulikulunga ndi nsalu ndi khungwa la mtengo. Adalisenza miyezi isanu ndi inayi mpaka ku Bagamoyo m'mphepete mwa nyanja ya mchere, ndipo lidaikidwa ku Westminster Abbey mu London pa 18 April 1874.